Chizungu Chanu, Amayi

Amayi, kumene munapitako kodi mukukhalako bwanji? Ndine Edina, wanu wa ku Joni uja, amene munkati pakamwa ndinatengera inu, ulesi ndinatengera bambo. Ife kuno tilipo. Kuzizira kwayamba, kuja kolowa m'mafupa kumene munkati ndikukokomeza ndikakuuzani pa foni. M'fulati yathu ya ku Hillbrow chikepe chinafa kalekale, ndiye madzi akathawa timakwera masitepe ndi zigubu, kupumira pa nsanjika iliyonse. Chipinda chochezera tinachigawa pakati ndi katani, mbali ino ife, mbali inayo banja la ku Chipata. Ndi anthu abwino, kungoti munthu akayetsemula uko, kuno timadziwa kuti chimfine chafika pakhomo.

Za kumudzi mwina mukuziona bwino kuposa ine, poti inu muli pafupi, koma ndikuuzanibe. Esinati, mng'ono wanga, anachira mwezi watha. Ndi mwana wamwamuna, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija, sitinaithawe. Mbatata ya kachewere kudimba kwanu yachita bwino, koma chimanga chakana, fetereza anafika mochedwa monga mwa masiku onse. Mbuzi yanu yamawanga, imene inkakutsatani mpaka kutchalitchi, yaswa ana awiri. Esinati akuti m'mawa imapitabe pakhomo pa khitchini kukadikira madeya, ngati kuti mutuluka. Denga likudontha pa ngodya ija munkati mudzakonza chaka chamawa. Chaka chamawacho chafika, ndipo aikapo ndowa.

Achimwene a Lemani ayamba kuumba njerwa za chiliza chanu. Akuti tidzachivundukule mu Ogasiti, anthu atapuma ku zokolola, ndipo ana anu ndi adzukulu onse adzakhalepo. Anandiimbira n'kufunsa kuti, "Nanga mwana uja ubwera naye?" Sanamutchule. Masiku ano abale anga amangoti mwana uja, ngati dzina lake limawotcha pakamwa. Dzina lake ndi Tiyamike, ndipo amene munamupatsa ndinu.

Ndiye nkhani imene ndakhalira pansi ndi imeneyi, si ya mbatata ayi. Ndili nanu chakukhosi, Amayi. Pamaliro sindinachinene chifukwa anthu anali ambiri, ndiponso ndinalibe mphamvu zokangana ndi bokosi. Koma chandikhala chaka chonse, ndipo zimene zachitika m'nyumba muno Lamulungu lapitali zandichititsa kuti ndichilavule. Mundimvere mpaka kumapeto, poti tsopano simungandidule mawu.

Mukukumbukira kuti mimba ya Tiyamike ndinabwera kudzachirira kwathu ku Dedza. Munkamusambitsa ndinu m'beseni lobiriwira lija, kuseri kwa nyumba dzuwa likafunda, uku mukumuuza nkhani zonse za m'mudzi: amene waba nkhuku, amene wathawa mkazi, amene wabwereka lichero osabweza. Ndikaseka munkati, "Mwana uzimuyankhula, Edina. Amamva ameneyu, kungoti sanayambe kuyankha." Munamupekeranso nyimbo yakeyake, ya mbuzi imene inadya sopo n'kumayenda m'mudzi ikutuluka thovu. Nyimbo yopanda mutu, koma mwana ankati akaimva n'kusiya kulira.

Titabwerera ku Joni nyimboyo inatitsatira pa foni. Esinati ankakugwirirani foni yake, inu n'kumayankhulamo ngati mdzukulu wanu ali pamwendo, kenaka n'kutitumizira mawuwo. Tiya ankaika foni pa tsaya n'kukhala phee, mwana amene sadziwa kukhala phee. Mawu ake oyamba sanali "amama" ayi. Anali "mbuzi". Kenaka kunabwera "madzi", kenaka "bwera". Anali ochepa kwa mwana wa msinkhu wake, sindikukana, koma anali athu.

Pang'onopang'ono tinayamba kuona kuti sakuyenda njira ya anzake. Ukamuitana satembenuka, koma pepala la siwiti likakhwaya kuseri kwa katani wamva. Sayang'ana munthu m'maso. Zitsekerero za mabotolo amazindandalika mzere kuchokera pakhomo mpaka pa bedi, ndipo ukasuntha chimodzi fulati yonse idziwa. Matakisi akayamba kuliza mahutala pansipa amatseka makutu n'kumadzigwedeza. Anthu a kutchalitchi kwathu kuno sanachedwe kupeza matenda ake. Ena ankati bambo ake anamukhwimira kuti ntchito iwayendere, ena ankati ine ndinadya zosayenera ndili woyembekezera. Inu nokha ndi amene munati, "Pitani naye kuchipatala, musiye kumvera anthu opanda zochita."

Tinapita. Atamuyeza kangapo anatiuza kuti ali ndi otizimu, kutanthauza kuti ubongo wake umalandira zinthu mwa njira yakeyake: phokoso, kuwala, nkhope za anthu, mawu. Si ufiti, si tchimo la munthu, ndipo si matenda ochira ndi jakisoni. Mpaka apo ndinamva bwino. Koma tikutuluka, nesi wina amene anali pa changu, mafayilo ali kukhwapa, anatiimitsa m'khonde n'kufunsa kuti kunyumba timayankhula chiyani. Tinati Chichewa. Nanga kusukulu ya mkaka? Tinati Chizulu ndi Chizungu. Anapukusa mutu. "Ndiye chifukwa chake. Mukumusokoneza mwanayu. Sankhani chimodzi, Chizungu, zinazo musiye." Anatero akuyenda, Amayi. Sanakhale n'komwe pansi. Dzina lake sindilidziwa, nkhope ndinaiwala, koma mawu amene anawataya m'khonde muja alamulira nyumba yanga zaka zonsezi.

Mkamwini wanu anawatola mawuwo ngati awerengedwa paguwa. Sindikuti ndi munthu woipa. Amalawirira ku Marlboro kukanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo mwana wake amamukonda mpaka kuonda naye. Koma mantha anali nawo kale. Kuno Chichewa timachibisa ngati katundu wakuba. Mu takisi foni ikalira, ukaona kuti ndi kumudzi umaidula, chifukwa ukangoti "Muli bwanji" makosi onse atembenuka. Iye amayankhula Chizulu chake chothyokathyoka mokweza kuti amuyese wa konkuno. Ndiye nesi uja atatero, anamupatsa chilolezo cha kuchipatala pa chinthu chimene mtima wake unkafuna kale. Tisanafike n'komwe kunyumba anati, "Amake Tiya, Chichewa chimuthandiza chiyani mwana ku Joni? Kuyambira lero m'nyumba muja ndi Ingilishi basi."

Ndinakana, ndinalira, ndinagona chofulatira. Iye ankangoti, "Ndiye mukufuna akhale wosayankhula moyo wake wonse? Akalephera mudzayankha ndinu." Ndinagonja. Chizungu changa inu mukuchidziwa, ndi cha sitandade sikisi, ndinangochiwonjezera ndi chotsukira mbale kwa adona. Ndi Chizungu chimenecho ndimatha kunena kuti khala, idya, bwera, usagwire. Sindingathe kunyengerera nacho mwana, kumusereula, kumutukwana mwachikondi monga munkachitira inu. Nyumba inazizira. Ine ndi bambo ake tinkanong'onezana Chichewa pa masitepe ngati anthu a chibwenzi chobisa. "Mbuzi" inasowa, "madzi" anasowa, "bwera" naye anasowa. Kaya ndi otizimuyo, kaya ndi ife, sindikudziwa, ndipo palibe amene angandiuze. Chimene ndikudziwa n'chakuti Chizungu sichinabwere kudzalowa m'malo mwake.

Kenaka inafika nthawi yanu. Mkamwini sangauze apongozi ake maso ndi maso kuti asiye kuyankhula, ndiye anadzera kwa ankhoswe, kwa achimwene a Lemani, monga mwa mwambo. Uthenga unayenda ndi ulemu wake wonse: madokotala a ku Joni aletsa, agogo ayambe aleka kutumiza mawu a Chichewa kufikira mwana atatsegula pakamwa. Tsiku lomwelo mkamwini wanuyo anatenga foni yanga n'kufufuta mauthenga anu onse, chifukwa Tiya ankadziwa kuwapeza yekha. Nyimbo ya mbuzi inapita ndi chala chimodzi. Ndinamugenda ndi kapu, inamenya khoma, a ku Chipata anakhosomola kuseri kwa katani, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apa ndi pamene pali chakukhosi changa. Ndinadikira kuti mukana. Inu, aNachisale, amene munathamangitsa venda wa mbatata ndi mpini wa khasu atabwera ndi sikelo yonyenga. Inu amene munaimirira pamsonkhano wa mpingo n'kuuza mkulu wa mpingo kuti akunama, azimayi anzanu akukukokani chitenje. Ndinkati Amayi akamva izi foni ipsa. Ndinakuimbirani n'kunena kuti, "Mumukanire, ine pandekha ndalephera." Munangoti, "Ndi mkamwini, Edina. Munthu amene ndimapatukirana naye panjira ndingakangane naye bwanji? Mwana ndi wa kwathu, inde, koma nyumba ndi yake. Mwina madokotalawo akudziwa." Dziko lonse munkaliyankha, Amayi. Munthu mmodzi yekha amene ndinkafuna kuti mumuyankhe, mwambo unakumangani pakamwa. Kumudzi mukaonana naye patali, iye ankalowa m'chimanga, inu n'kutembenukira kumbali, ndipo ine ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna waulemu. Sindinadziwe kuti ulemu womwewo udzamudula mwana wanga lilime.

Ndiye munachita chinthu chimene mpaka lero sindidziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Inu amene simunapondepo m'kalasi munaitana mwana wa achimwene wa kupulayimale kuti akuphunzitseni Chizungu. Esinati akuti munkachiloweza mukupalira, mukusenda mbatata, mukupita kumjigo, anthu n'kumayesa kuti mwayamba kuyankhula nokha. Patapita milungu uthenga unafika. Ndinautsegula ndili m'khitchini kwa adona. Munayamba mwakonza kukhosi, kenaka mawu anu aakulu aja anatuluka atachepa ngati a mwana woitanidwa kutsogolo kwa kalasi: "Halo, Tiyamike. Hawa yu? Ayi amu faini. Ayi amu gogo. Gudu gelo." Munakhala chete nthawi yaitali, tambala akulira chapatali. Kenaka, poiwala kuti foni ikujambulabe, munapumira m'mwamba n'kuuza Esinati ndi mawu anu enieni kuti, "Zimitsa, mwanawe. Chizungu changa chathera pomwepa."

Bambo a Tiya anamvera chiyambi chokha, anagwedeza mutu kuti apongozi achita bwino, uthengawo n'kupulumuka. Tiya anaugwira ngati bere. Ndikangofika madzulo ankalanda foni, kulowa nayo pa ngodya yake, kuchepetsa mawu n'kuiika pa tsaya. Ukatha ankauyambiranso, mpaka foni itatentha. Wina simunatumizenso, poti Chizungu chanu chinali chitatheradi pomwepo.

Tsopano imvani ichi. Kumene ndimagwira ntchito kuli ana awiri amene ndawalera kuyambira ali m'matewera. Powasambitsa, nyimbo ya mbuzi inkangotuluka yokha, poti kwanga inali yoletsedwa ndipo kwinakwake inayenera kutulukira. Anaigwira. Lero amaimba yonse, thovu ndi zonse, amati "zikomo", amati "ndakhuta", akafuna chinthu amandiuza kuti "msanga". Alendo akabwera adona amawaimiritsa anawo kuti aimbe, n'kumanyadira kuti zilankhulo zambiri zimakulitsa nzeru za mwana. Alendo amaomba m'manja. Ine ndimakhala nditaima ndi thireyi ya tiyi, ndikumwetulira monga ntchito ifunira. Chichewa chomwecho chikakhala mwa mwana wa adona ndi nzeru, chikakhala mwa mwana wa Edina ndi chisokonezo. Madzulo ndimakwera takisi kubwerera ku Hillbrow kukauza mdzukulu wanu kuti "sit down".

Mutadwala, m'dzinja muja, ndinapempha kuti tikuimbireni ya kanema kuti mumuone Tiya. Munali mutatha, mutu uli pa pilo, Esinati akugwira foni. Bambo a Tiya anali pomwepo, ataima chapambali kuti musaonane. Munayang'ana mwanayo nthawi yaitali, ndipo ndinkaona mawu akudzaza m'kamwa mwanu, onse amene munawasunga zaka zija. Munawameza. Munati, "Gudu gelo." Amenewo ndiwo mawu omaliza amene munamuuza mdzukulu wanu. Kumaliro ndinabwera ndekha, poti bambo ake anati ulendo wautali wa pa basi mwana sangaupirire.

Nditabwerako sipanapite nthawi, anyamata anandilanda foni pokwerera matakisi, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Foniyo sindinailire. Koma ya Esinati ija inali itafa kale, ndiye mawu anu sanatsale paliponse pa dziko lapansi. Tiya anakusakani. Anakhuthula chikwama changa, anafufuza pansi pa matiresi, anatenga dzanja langa lopanda kanthu n'kumaliika pa tsaya lake. Analira mpaka mawu anasasa, ndipo ine ndinalibe chilankhulo chomuuzira kuti agogo anapita.

Posachedwapa dzina lathu linafika pamzere umene tinaudikira kalekale, wa dokotala wophunzitsa ana kuyankhula. Ndi mtsikana wamng'ono, wa mtundu wa Avenda a konkuno, amene anangofika n'kukhala pansi ndi Tiya n'kuyamba kundandalika naye zitsekerero. Atandimva ndikulimbana ndi Chizungu anafunsa funso lomwe lija, kuti kunyumba timayankhula chiyani. Nditamuuza za lamulo la m'nyumba mwathu anasiya zitsekerero. "Mama, anakuuzani ndani zimenezo?" Anati ana ngati Tiya amatha kukula ndi zilankhulo ziwiri, cha makolo sichiwachedwetsa, ndipo chimene amasowa kwambiri ndi munthu wowayankhula momasuka, mawu ambirimbiri a tsiku ndi tsiku. Anatinso ena mwa iwo amasunga chiganizo chathunthu chimene anachimva, n'kudzachitulutsa tsiku limene aona kuti chikuyenera. "Muzimuyankhula chilankhulo chimene mumasekera ndi kukalipira," anatero. Ankayembekezera kuti ndisangalala. Ine ndinangoti zikomo, ndinatuluka, n'kukakhala pa benchi panja. Zaka zonse zija, Amayi. "Gudu gelo" uja. Zonsezo chifukwa cha munthu amene sanakhale n'komwe pansi.

Mukuganiza kuti mkamwini wanu anagonja? Anati madokotala akatsutsana munthu umagwira chimene unayamba nacho. Ndikuona kuti kuvomera kukanamupweteka kwambiri, chifukwa akanayenera kuvomeranso zimene anakuchitani. M'malo mwake anasonkhezera moto. Anagula makadi a zithunzi, ndipo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amamukhazika Tiya pa bedi n'kumamuonetsa limodzi limodzi, mpaka mwana atayamba kudziluma dzanja. Za chiliza anakaniratu. Anati mwana akakakhala pakati pa anthu a Chichewa chokhachokha, zonse zimene wamanga zidzagwa. Ndinamufunsa kuti, "Mwamanga chiyani, bambo a Tiya? Mapepala athu mukuwadziwa mmene alili. Tsiku lina adzatikweza galimoto kutibweza kwathu. Mwanayu adzatsikira pa Dedza, pamudzi pa amayi ake pamene pali munda wake, osamva ngakhale liwu limodzi la anthu ake. Kuno ndi mlendo, kwawonso akakhale mlendo?" Anandiyankha kuti ndili ndi pakamwa.

Ndiye Lamulungu lapitali masana. Magetsi anali atathima, pansipa matakisi akulira, a ku Chipata akukazinga anyezi pa sitovu ya parafini kuseri kwa katani. Ine ndinkapinda zovala. Bambo ake anakweza khadi la apulo. "Apple. Say apple, Tiya." Mwana anayang'ana khoma. "Apple." Anayamba kudzigwedeza. "Tiya, look at daddy. Apple." Ndinaona dzanja likupita kukamwa ndipo ndinati ndiyankhule, koma amene anayamba kuyankhula anali Tiya. Anatsitsa dzanja, anakonza kukhosi, kukonza kwanu kuja, n'kunena bwinobwino kuti, "Halo, Tiyamike. Hawa yu? Ayi amu faini. Ayi amu gogo. Gudu gelo."

Bambo ake anaomba m'manja, misozi ili m'maso. "Mwamva, amake Tiya? Ingilishi! Ndinkanena ine!" Anakwezanso khadi lija kuti akolole zambiri. Tiya anakhala chete monga munakhalira inu mu uthenga muja, ndipo sindikukayika kuti m'mutu mwake tambala ankalira. Kenaka anapumira m'mwamba, anakankha khadilo ndi chala, n'kutulutsa mawu aakulu amene sindinawamvepo m'kamwa mwake, mawu a ku Dedza, okoka kumapeto monga munkakokera inu: "Zimitsa, mwanawe. Chizungu changa chathera pomwepa."

Kuseri kwa katani supuni inasiya kugogoda poto. Amayi, ndikuuzeni zimene anachita mkamwini wanu. Anadzuka pa bedi msangamsanga, anagwetsa maso pansi, anaphatikiza manja, n'kubwerera chammbuyo mpaka anakalowa m'katani, mbali ya eni ake, monga ankalowera m'chimanga akakuonani mukubwera panjira. Sanaganize n'komwe, miyendo inakumbukira yokha. Anaima m'menemo, nsapato zokha zikuoneka pansi, bambo wamkulu kupatukira apongozi ake m'fulati ya ku Hillbrow. Makadi anamwazika pansi. Ndinawasesera kunsi kwa bedi, ndipo mpaka lero sanawafunse.

Ine sindinaombe m'manja. Ndinagwada pamaso pa mwana wanga n'kumuyankha m'Chichewa, mokweza, koyamba chiikireni lamulo lija: "Ndazimitsa, mayi wanga. Basi, kwatha." Sanandiyang'ane, paja sayang'ana munthu. Koma anatenga dzanja langa n'kuliika pa tsaya, ndipo ulendo uno sanalire.

Musaganize kuti chakukhosi chatha. Tiya sanasanduke wolongolola. Chichokere tsiku lija wanenanso chiganizo chomwecho pomusambitsa madzi atazizira, ndiponso mu takisi dalaivala atakweza wailesi. Makosi anatembenuka, ine sindinamutseke pakamwa. Koma taganizani, Chichewa chonse chimene mdzukulu wanu ali nacho ndi mawu a agogo ake akugonja. Nkhani zonse zimene mukanamuuza, nyimbo, matukwano anu okoma aja, munalowa nazo m'manda chifukwa cha ulemu. Mkamwini wanu mwamuyankha, inde, ndipo wamva. Koma munadikira kufa kaye, n'kudzabwereka pakamwa pa mwana wosayankhula kuti mutero. Zimenezo zimandiwawa, Amayi, ndipo sindinamizira kuti sizindiwawa.

Bambo ake sananene kuti analakwa, ndipo sindikudikira kuti anene. Za ulendo sanavomere, koma sanakanenso. Dzulo ndinaimba ya mbuzi pomusambitsa Tiya, iye ali pomwepo akupukuta nsapato za kuntchito. Anapukuta nsapato imodzi yomweyo mpaka nyimbo inatha. Tiya anatseka khutu limodzi, linalo analisiya.

Ndiye ndikulonjezani ichi. Mu Ogasiti tikubwera, ine ndi Tiyamike, kaya bambo ake alola kaya salola. Basi tidzaipirira, zitsekerero ndidzamunyamulira m'thumba. Ndidzamuimika pa chiliza chanu pamaso pa onse amene amamutcha mwana uja, ndipo ndidzamutchula dzina lake mokweza. Mwina sadzapereka moni, mwina adzatseka makutu kwaya ikadzayamba, mwina adzauza mkulu wa mpingo uja kuti azimitse. Ndimakukondani, Amayi, ndiponso ndakukwiyirani, ndipo zonse ziwiri ndidzabwera nazo. Koma ndapota nanu, mukadzamva kuti waima pamutu panu, mudzamuyankhule ndi mawu anu enieni aja. Chizungu musadzayesenso.

Ndine mwana wanu wa pakamwa uja,
Edina